Lipoti la nkhani: dandaulo la kujomba kwa mphunzitsi, ndi zimene ofesi ya chigawo inapeza m'mabuku ake omwe

Ndimagwira ntchito yoyendera sukulu pa ofesi ya maphunziro ya chigawo. Lipoti ili ndi la dandaulo limodzi, kuyambira pamene linafika mpaka pamene lili lero. Sinditchula dzina la sukulu, la ofesi kapena la munthu aliyense.

Dandaulo

Kalata inachokera ku komiti ya sukulu ina ya pulayimale, ndipo inali ndi chidindo cha mphunzitsi wamkulu. Inanena kuti aphunzitsi a Sitandade 6 akhala akujomba kawiri kapena katatu pa sabata kwa materemu awiri, ana amangosokosera okha m'kalasi, ndipo makolo atopa nazo. Pempho linali loti aphunzitsiwo achoke pasukulupo, ndipo ngati n'kotheka ntchito iwathere.

Makalata otere sasowa pa ofesi iliyonse ya maphunziro, ndipo yankho limene maofesi ambiri amathamangira ndi kusamutsa. Kusamutsa sikufuna umboni, sikufuna kumva mbali ya woimbidwa mlandu, ndipo fayilo imatsekedwa sabata yomweyo aliyense akumwetulira. Koma ngati munthuyo ndi wojombadi, wangopita kukajombera ana ena, kawirikawiri ku sukulu yakutali kumene makolo sadziwa kuti dandaulo amalilembera kwa ndani. Ngati ndi wosalakwa, walangidwa popanda mlandu. Mkulu wa gawo lathu anavomera kuti tifufuze kaye.

Pamene mphamvu za ofesi zimathera

Makolo ambiri amayesa kuti ofesi ya chigawo ikhoza kuchotsa mphunzitsi ntchito tsiku lomwelo, ndipo akaona kuti sizikuchitika amati tikubisana. Zoona zake n'zakuti ofesi yotereyi imakhala pakati. Pamwamba pali unduna umene umakonza silabasi, malamulo ndi bajeti. Pansi pali sukulu. Ya pakatiyi imagawa aphunzitsi, kusunga kaundula wawo, kuyendera ndi kulangiza sukulu, komanso kufufuza madandaulo. Kukula kwa mphamvu zake kumasiyana dziko ndi dziko.

Ku France madera a maphunziro otchedwa académie anakhazikitsidwa mu 1808, m'nthawi ya Napoleon. Lero alipo 30, ndipo lililonse lili ndi recteur amene amaimira nduna m'deralo. Ku South Africa zigawo zonse 9 zili ndi madipatimenti awoawo, ndipo lamulo la 1998 limaika mkulu wa dipatimenti ya chigawo kukhala wolemba ntchito aphunzitsi a m'sukulu za boma za m'chigawomo. Ku Kenya mphamvu zinaikidwa m'dzanja limodzi: Teachers Service Commission, imene inayamba mu 1967 n'kulowa m'malamulo aakulu a dziko mu 2010, ndiyo imalemba ntchito, kutumiza ndi kulanga aphunzitsi, ndipo maofesi ake a m'zigawo zotchedwa makaunti amangogwira ntchito m'dzina lake. Malawi ili ndi zigawo 6 za maphunziro, pomwe sukulu za pulayimale zimayang'aniridwa kudzera m'makhonsolo.

Ofesi yathu ili m'gulu la maofesi amene sachotsa munthu ntchito. Tingafufuze, tingapereke chenjezo lolemba, tingasamutse mphunzitsi m'chigawo momwemo, ndipo mlandu ukakhala waukulu timatumiza fayilo ku bungwe loona za ntchito ya aphunzitsi pamodzi ndi maganizo athu. Izi ndinafotokozera wapampando wa komiti poyamba penipeni, kuti asayembekezere zimene sitingathe.

Mmene tinafufuzira

Tinapita osalengeza, ine ndi mnzanga woona za kaundula wa ogwira ntchito. Ulendo wolengeza umakuonetsa bwalo losesedwa, aphunzitsi onse ali m'kalasi ndi choko m'manja, mapulani a maphunziro atalembedwa usiku wathawu. Palibe chimene ungaphunzirepo. Kafukufuku wodziwika wa World Bank wofalitsidwa mu 2006 anatsata njira yomweyi yofika mwadzidzidzi m'sukulu za pulayimale za maiko 6, ndipo anapeza kuti aphunzitsi 27 mwa 100 alionse kunalibe ku Uganda, 25 ku India, 19 ku Indonesia, 16 ku Bangladesh, 14 ku Ecuador ndi 11 ku Peru. Mabuku osainira a sukulu zimenezo sakanaonetsa manambala otere.

Buku losainira la pasukulu imeneyi linali chimodzimodzi. Linali Lachitatu, koma aphunzitsi awiri anali atasainira kale mpaka Lachisanu. Pafupifupi aliyense ankalemba kuti wafika 7:00 ndendende, sabata yathunthu ndi cholembera chimodzi. Aphunzitsi odandaulidwawo anali ndi siginecha tsiku lililonse, ngakhale masiku amene komiti inati kunalibe. Buku lotero silingatsutse munthu ndipo silingamuikire kumbuyo. Tinalijambula n'kuliika pambali.

Mboni yodalirika pa nkhani za kujomba ndi makope a ana. Mwana amalemba deti pamwamba pa ntchito ya tsikulo, ndipo alibe chifukwa chonamizira. Tinatenga makope a masamu ndi sayansi kwa ana okhala kutsogolo, pakati ndi kumbuyo kwa kalasi, anyamata ndi atsikana, kuti kujomba kwa mwana mmodzi kusaoneke ngati kujomba kwa aphunzitsi. Madeti onse tinawaika pa kalendala ya materemu awiriwo. Tsiku limene makope onse analibe kanthu tinalizunguliza.

Kalendalayo inaonetsa mitundu iwiri ya mipata. Woyamba unali wa Lachiwiri ndi Lachinayi, sabata iliyonse, osaphonya. Wachiwiri unali wa apo ndi apo, Lolemba kapena Lachisanu, makamaka chakumapeto kwa mwezi. Mtundu woyambawo ndi umene unatiimitsa. Munthu wojomba chifukwa cha ulesi, mowa kapena geni sajomba motsatira ndandanda chotero kwa materemu awiri.

Tinaoneranso aphunzitsiwo akuphunzitsa tsiku lomwelo. Phunziro la magawo a nambala linali labwino ndithu: ankafunsa ana a kumbuyo, ankazungulira kuona makope, ndipo ntchito ya masiku amene analipo inali yochongedwa. Izi n'zofunika kuziona, chifukwa kupezeka pasukulu ndi kuphunzitsa n'zosiyana. Kafukufuku wina wa World Bank wa m'maiko 7 a mu Africa, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti aphunzitsi 44 mwa 100 alionse sanali m'kalasi pa nthawi ya phunziro, pafupifupi theka la iwo ali pasukulu pomwepo, ndipo ana ankaphunzira maola osakwana atatu pa tsiku. Pasukulu imeneyi, pa ola lachitatu, makalasi awiri amene palibe anawadandaulira anali opanda mphunzitsi, eni ake akucheza pansi pa mtengo.

Zimene aphunzitsiwo ananena

Titawaonetsa kalendala sanazengereze. "Bwana, Lachiwiri ndi Lachinayi ine ndimakhala ku sukulu inayo, ndikuphunzitsa masamu Sitandade 8. Anandituma ndi alangizi a dera lino. Ahedi akudziwa." Nditawafunsa kalata yowatuma, anati kalata palibe, anangowaimbira foni.

Tinapita ku sukulu inayo, imene ili pa mtunda woti munthu amayenda kupitirira ola limodzi wapansi. Makope a Sitandade 8 anali ndi ntchito ya masamu Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, yochongedwa ndi dzanja lomwelo. Mphunzitsi wamkulu wa kumeneko anali kuwayamikira kwambiri. Alangizi a deralo anavomera: sukuluyo inatsala yopanda mphunzitsi wa masamu ana akuyandikira mayeso omaliza, analembera ku ofesi kupempha wina, sanayankhidwe, ndiye anabwereka kwa oyandikana nawo. Ankati ndi za milungu yochepa. Zinatha materemu awiri.

Funso linatsala kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyamba: ngati ankadziwa kumene mnzawo amapita, anaikiranji chidindo pa kalata yomuneneza kujomba? Yankho lawo ndalilemba monga analinenera. "Bwana, ndadandaula pakamwa kangapo kuti aphunzitsi andichepera, wina mukunditengeranso. Palibe anandiyankha. Ndinaona kuti makolo akalemba, mwina mubwera." Komiti sanaiuze za kubwerekanako, ndipo sanakonze woti azigwirizira kalasiyo masiku awiriwo. Anasiya ana akhale okha kuti vuto lioneke. Kukhumudwa kwawo ndikukumvetsa, ndipo n'zoona kuti kalatayo ndi imene inatibweretsa. Koma anaika pachiswe ntchito ya munthu amene ankayenda mtunda wautali pomvera lamulo la akuluakulu, ndipo ana a Sitandade 6 ndi amene analipira.

Kaundula wa ku ofesi

Apa ndi pamene nkhani inatembenukira kwa ife. Mnzanga anali ndi mndandanda wa ku ofesi wosonyeza kuti sukuluyo ili ndi aphunzitsi 12. Titawerenga mitu tinapeza 9. Mmodzi anapuma pa ntchito chaka chatha. Wina ali ku sukulu yaukachenjede pa tchuthi chovomerezeka. Wachitatu anatsatira banja lake ku tauni, akuphunzitsa kumeneko ndi chilolezo cha ofesi yomweyi, koma dzina lake silinasunthidwe chifukwa malipiro ake amadutsabe pa nambala ya sukulu yakale. Palibe amene anaba ndalama. Kungoti gawo la malipiro, gawo la tchuthi ndi gawo logawa aphunzitsi lililonse limasunga fayilo yakeyake, ndipo mafayilowo sakumana.

Zotsatira zake n'zazikulu. Aphunzitsi atsopano akabwera, timawagawa poyang'ana chiwerengero cha ana pa mphunzitsi mmodzi. Pogawa ana ndi 12, sukuluyo inkaoneka yokwanira, choncho inali kumunsi kwa mndandanda wa zofunika thandizo. Pogawa ndi 9, n'kuchotsaponso masiku awiri a wobwerekedwa uja, inali m'gulu la zovutikitsitsa m'deralo. Ku sukulu yachiwiri mphunzitsi wa masamu amene anachoka ankaonekabe m'kaundula, n'chifukwa chake pempho la alangizi linagona mufayilo: amene analilandira anayang'ana pa kompyuta, naona kuti mphunzitsi alipo. Tinali tangodzudzula kumene sukulu chifukwa cha buku losainira labodza, pamene kaundula wathu ankanenanso zosiyana ndi zimene zili pansi. Anyani amasekana zikundu.

Masiku a apo ndi apo aja nawonso anagawika pawiri. Ena aphunzitsiwo anali ku ofesi yathu kulondola ndalama zawo zotsalira atakwezedwa udindo, ndipo buku la alendo la pa ofesi linatsimikiza. Ulendowo umadya tsiku lathunthu, ndipo nthawi zonse ankauzidwa kuti abwerenso. Masiku otsalawo, amene anali ochulukirapo ndithu, analibe chifukwa chomveka. Iwo eni anavomera kuti ankapita ku ntchito zawo zapadera osapempha chilolezo, poganiza kuti popeza amavutika ndi sukulu ziwiri popanda kangachepe, tsiku limodzi sangawawerengere. Pamenepa makolo sananame.

Kumva mlandu ndi chigamulo

Mfundo zimene ILO ndi UNESCO, mabungwe a United Nations oona za ntchito ndi za maphunziro, anagwirizana pa 5 October 1966 zokhudza ntchito ya uphunzitsi zimanena momveka za mlandu wa mphunzitsi: auzidwe molemba zimene akumuneneza, aone umboni wonse, apatsidwe nthawi yokonzekera ndi ufulu wobwera ndi womuimira, chigamulo chilembedwe pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo akhale ndi kochitira apilo. Mfundozi sizimanga maiko ngati lamulo, koma malamulo a ntchito ya aphunzitsi m'maiko ambiri amazitsatira, ndipo fayilo yodumpha limodzi la masitepe amenewa imagwa pa apilo ngakhale munthuyo atalakwadi. Tinawalembera aphunzitsiwo kalata yotchula madeti enieni opanda chifukwa aja, osati materemu awiri onse monga inanenera komiti. Anabwera ndi nthumwi ya bungwe lomenyera ufulu wa aphunzitsi. Amene anatsogolera zokambirana sanali ife ofufuza, koma mkulu wina wa pa ofesi amene sanakhudzidwe ndi nkhaniyi.

Aphunzitsiwo analandira chenjezo loyamba lolemba chifukwa cha masiku amenewo okha. Mlandu wa Lachiwiri ndi Lachinayi unachotsedwa, ndipo mufayilo mwawo munaikidwa kalata yonena kuti anatumidwa ndi ofesi. Sanasamutsidwe. Nthumwi ya bungwe inapempha kuti chenjezo likhululukidwe poona mmene anazunzikira, koma tinakana, ndipo ndikuonabe kuti tinachita bwino. Kulakwa kwa ofesi sikufufuta tsiku limene ana anakhala opanda mphunzitsi popanda chifukwa. Zomwe ofesi inawalakwira zinayenera kukonzedwa pazokha, ndipo ndalama zawo zotsalira tinazilondola ife eni.

Mphunzitsi wamkulu analandira kalata yowadzudzula pa zinthu ziwiri: buku losainira ndi kusauza komiti zoona. Alangizi sanalangidwe, chifukwa chimene anachita chinapulumutsa kalasi ya mayeso, koma kubwerekana kwa pafoni kunaletsedwa m'chigawo chonse. Tsopano kumafuna kalata yotchula masiku, tsiku lothera, ndi dzina la wogwirizira kalasi yosiyidwayo, ndipo kope limapita kwa komiti za sukulu zonse ziwiri.

Msonkhano ndi makolo unali wovuta kuposa zonsezi. Wapampando, mayi wachikulire wolankhula mosapsatira, anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti: "Ndiye bwana, aphunzitsi mwawachenjeza, ahedi mwawadzudzula. Nanga a ku ofesi amene analemba 12 pamene alipo 9, awachenjeza ndani?" Ndinawauza kuti ndalemba zimenezo mu lipoti lopita kwa mkulu wa chigawo. Sanakhutire, ndipo sindikuwadabwa.

Zimene nkhaniyi ikuonetsa pa ntchito ya ofesi

Funso la mayiwo likukhudza mmene maofesi ambiri a zigawo anapangidwira. Ofesi yomweyo imene imagawa aphunzitsi ndi imene imabwera kudzaweruza chifukwa chimene kalasi ilibe mphunzitsi. Woyendera sukulu akapeza kuti gwero la vuto ndi gawo lina la ofesi yake, lipoti lake limapita kwa bwana wa magawo onse awiri. England inasankha njira ina. Oyendera sukulu a boma anayamba kumeneko mu 1839, ndipo kuyambira 1992 ntchitoyi ili m'manja mwa Ofsted, bungwe losalemba ntchito aphunzitsi ndiponso losayendetsa sukulu, limene limapereka malipoti ku nyumba ya malamulo. Njirayo ili ndi mavuto ake. Aphunzitsi a kumeneko akhala akudandaula kwa zaka zambiri za mantha amene maulendowo amabweretsa. Komanso woyendera amene sali mbali ya ofesi sakanatha kukonza kaundula kapena kulondola malipiro monga tinachitira ife. Sindikunena kuti tipatule. Ndikunena kuti pamene ntchito ziwirizi zili pansi pa denga limodzi, woyendera aliyense azinyamula kaundula wa ku ofesi, kuwerenga mitu, ndipo kusiyana kulikonse kuzilembedwa ngati cholakwa cha ofesi chokhala ndi tsiku lokonzera, monga timachitira ndi zolakwa za sukulu.

Anzanga ena anati tingoika makina osainira ndi chala nkhani ithe. Pali umboni woti kuyang'anira kumathandizadi. Ku Udaipur, ku India, bungwe la Seva Mandir linapereka makamera ku sukulu zake zazing'ono za mphunzitsi mmodzimmodzi, kuti mphunzitsi azijambulidwa ndi ana m'mawa ndi poweruka, malipiro n'kumadalira masiku ojambulidwawo. Kujomba kunali pa 21 mwa 100 m'sukulu za makamera, poyerekeza ndi 42 m'sukulu zopanda makamera, ndipo ana anakhoza bwinopo. Koma kumeneko woyang'anira ndi wolipira anali mmodzi, ndipo chilango chinkachitikadi. M'sukulu za boma za dziko lomwelo, ofufuza anapeza mphunzitsi wamkulu mmodzi yekha mwa pafupifupi 3,000 amene ananena kuti mphunzitsi anachotsedwapo ntchito chifukwa chojomba mobwerezabwereza. Pa nkhani yathuyi makina akanaonetsa kuti aphunzitsiwo kulibe Lachiwiri ndi Lachinayi, n'kuwadula malipiro pa masiku amene anali kuphunzitsa kwina molamulidwa. Sakanaona makalasi awiri aja osiyidwa eni ake ali pabwalo, ndipo mayina atatu opanda eni akanangooneka ngati anthu ena ojomba.

Mfundo za 1966 zija zimanenanso kuti kuyendera sukulu kuzikhala kolimbikitsa ndi kuthandiza mphunzitsi pa ntchito yake. Ena amamva ngati mawuwa akutanthauza kufewa. Ine ndimawamva motere: ulendo umene watha popanda ofesi kutenga ntchito yakeyake yokachita, ndi ulendo wongokaopseza.

Pamene nkhani ili pano

Teremu yotsatira tinabwereranso osalengeza. Buku losainira tsopano limakhala pa tebulo la wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, amene amajambula mzere wofiira belu likangolira, ndipo ofika mochedwa amasainira pansi pa mzerewo. Makope a Sitandade 6 analibe mipata kupatula tsiku limodzi la matenda lokhala ndi kalata ya kuchipatala. Sukulu yachiwiri inalandira mphunzitsi wake wa masamu, choncho kubwerekana kunatha. Ana aja anatsalira mitu ingapo ya silabasi, ndipo sukulu inakonza maphunziro obwereza masana kawiri pa sabata. Si ana onse amabwera, makamaka okhala kutali.

Titawerenga mitu m'sukulu zina za dera lomwelo, kusiyana kwa kaundula ndi zenizeni kunapezeka m'sukulu zambiri, osati ziwiri zokhazi. Kaundula wa deralo wakonzedwa. Wa madera otsala akudikira ndalama za mafuta. Sukulu yoyamba, imene inkasowa aphunzitsi atatu, yalandira mmodzi. Wachiwiri amene tinamutumiza anachita apilo yokana kusamuka pa zifukwa za umoyo, ndipo nkhani yake ili ku bungwe loona za ntchito ya aphunzitsi. Malo achitatu akuwerengedwabe kuti ali ndi mwini, chifukwa amene ali ku maphunziro uja adzabwerera chaka chamawa, ndipo malamulo athu salola kuikapo wina wokhazikika. Tapempha mphunzitsi wongogwirizira, yankho silinabwere. Ubale wa mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi a Sitandade 6 sunabwerere mwakale, ndipo aphunzitsiwo alemba okha kalata yopempha kusamuka, imene tiiona pa kugawa kwa chaka chamawa.